Momwe mungatengere kagalu kosaka kopulumutsidwa n'kukalera kuno ku Mangochi

Kagalu kathu tinakatenga kwa mayi ena a ku Monkey Bay. Anakatola m'ngalande pamodzi ndi tinzake tiwiri, make atagundidwa ndi galimoto, ndipo anasunga tonse titatu pakhomo pawo kwa milungu 6 uku akufunafuna anthu oti atenge. Kanali ka miyendo italiitali, chifuwa chakuya, mimba yolowa m'kati ndi kukamwa kosongoka, mtundu wa agalu a uzimba aja amene agogo athu ankapita nawo kosaka akalulu ndi agwape. Ndinakakonda nditangokaona. Zimene sindinadziwe n'zakuti galu wosaka amabadwa ndi ntchito yake m'magazi, ndipo mukapanda kumupatsa chochita, amakaipeza yekha pakhola la nkhuku la aneba. Ndikulemba izi kuti inu muyambire pamene ine ndinaphunzirira mochedwa.

Yambani ndi anthu, kagalu pambuyo

Musanaimbire foni aliyense, khalani pansi ndi a pakhomo panu. Adzaphika chakudya chake ndani? Mukapita kumaliro kumudzi masiku atatu, katsala ndi yani? Galu wosamalidwa bwino amatha zaka 10 ngakhale kupitirira, choncho mwana wa sitandade 5 amene akulira kuti "ababa, tikatenge" adzakhala atachoka pakhomo galuyo akadali moyo.

Ngati muli pa lendi, funsani alandilodi. Kenako pitani kwa oyandikana nawo. Kuno kwathu, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Namwera ndi Makanjira, ambiri mwa abale athu ndi Asilamu, ndipo ambiri mwa iwo salola galu kulowa m'nyumba kapena kunyambita zovala ndi ziwiya, ngakhale kuti galu wolondera ndi wosaka amaloledwa kukhala panja. Ngati mumatunga madzi pampopi umodzi kapena kuyanika zovala pachingwe chimodzi, auzeni poyera kuti mukubweretsa galu ndipo sazifika pamalo amenewo. Ine ndinachita kupita kwa Che neba athu ndi mawu amenewa, ndipo chimene anapempha n'chimodzi chokha: asamafike pakhonde pamene amaswalira.

Kokapeza

Mabungwe odziwika osamalira nyama ali kutali nafe. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo onse amapereka agalu opulumutsidwa kwa anthu ofuna kulera. Yang'anani masamba awo pa Facebook, afunseni ndondomeko yawo. Yembekezani mafunso okhudza mpanda, ana ndi ziweto zanu, komanso kandalama kothandizira pa katemera ndi mankhwala amene kagaluko kalandira kale. Musakwiye nawo mafunsowo. Munthu amene wadzuka usiku kumwetsa kagalu ndi botolo sangakapereke ngati mandasi.

Koma si onse osunga tiagalu amene ali pansi pa bungwe. M'mbali mwa nyanjamu, ku Cape Maclear, ku Nkopola ngakhale pa boma pomwe, mumapezeka anthu otola tiagalu totayidwa n'kusunga kwa kanthawi. Alangizi a ziweto a m'dera lanu nthawi zambiri amawadziwa, chifukwa ndi amene amakabaya katemera.

Chimene ndikuletsani ndi kugula kwa anyamata oimika tiagalu m'mbali mwa msewu padzuwa. Chisoni chimagwira, inde, koma mukagula kamodzi, mawa abweretsa tiwiri tolanda kwa make tisanaleke kuyamwa.

Pitani mukakaone komwe kakusungidwa

Apa ndiye pagona ubwino wonse wotenga kagalu kwa wosunga. Munthu ameneyu wakhala nako usana ndi usiku, ndipo akudziwa zimene chithunzi cha pa WhatsApp sichinganene. Musathamangire kukanyamula. Khalani pansi, mulandire madzi akumwa, mufunse.

Kali ndi milungu ingati? Kosakwana milungu 8 kasiyeni kaye, kakufunikabe kukhala ndi tinzake, chifukwa m'masewera olumana aja ndi mmene kamaphunzirira kuti mano amapweteka. Kanapezeka kuti, kali bwanji? Kanalandira katemera wanji, liti, ndipo khadi lake lili kuti? Mankhwala a njoka za m'mimba kanamwa liti komaliza? Kamadya chiyani, kangati patsiku? Kakaona nkhuku kamatani? Funso lomalizali lifunseni kawiri, chifukwa poyamba aliyense amati "aa, kamangosewera nazo."

Kenako kayang'anitsitseni. Maso akhale owala, opanda manthongo. Tukulani mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira, osati zotuwa ngati pepala. Mimba yotupa pa thupi lowonda ndi njoka. Ubweya wosothoka m'makutu ndi m'zigongono ungakhale mphere. Zonsezi zimachizika, sizifukwa zokakanira, koma muzidziwe musananyamule. Kagalu kamantha kothawira kuseri kwa mtondo nakonso musakapeputse. Tambiri topulumutsidwa tinaponyedwapo miyala. Khalani chete, tambasulani dzanja pansi, kabwere kokha.

Pomaliza gwirizanani chinthu chimodzi: zikakanika, mudzakabweza kwa iwo.

Konzani pakhomo kasanafike

Mpanda wa udzu kapena wa bango umatchinga maso a anthu, sutchinga galu wosaka. Amakumba pansi, ndipo akakula amalumpha. Yendani m'mbali mwa mpanda wonse, tsekani mipata ya m'munsi ndi njerwa kapena miyala. Ngati mulibe mpanda, mangani khola lalikulu la waya loti azitha kuthamangamo pang'ono. Kumumangirira pa tcheni chachifupi tsiku lonse kumamusandutsa wolusa, osati wolondera.

Dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga umawotcha mapazi a munthu wamkulu, nanji kagalu. Khola likhale pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango kapena denga la udzu, osati la malata lofupika. Madzi asamathe m'mbale, ndipo mbaleyo ikhale yolemera kuti kasagubuduze.

Chotsani mankhwala a makoswe, makamaka Temik amene timangoti tameki, komanso mankhwala a mbewu ndi feteleza. Nsapato za kutchalitchi ndi chaja cha foni zikwere pamwamba.

Ulendo ndi masiku oyamba

Ngati mukukatenga ku Blantyre, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Zomba ndi Liwonde. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Kaikeni m'katoni yolimba yoboola mabowo kapena m'basiketi, osati m'thumba, ndipo osati kubuti. Musakadyetse kwambiri musananyamuke, kadzasanza. Pemphani kansanza kamene kamagonera, fungo lake limakakhazika mtima pansi kumalo kwachilendo.

Usiku woyamba ndi wachiwiri kadzalira. Musakamenye. Ikani katoni yake pafupi ndi khomo kuti kazimva mawu anu. Ana a m'mudzi adzabwera gulu kudzaona, abwezeni mwaulemu mpaka patapita masiku angapo.

Chakudya yambani ndi chomwe kamadya kwa wosunga uja, musinthe pang'onopang'ono pa sabata yathunthu. Nsima yokha siikuza galu. Ife timaphika phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa kapena bonya wosinja, nthawi zina soya wokazinga ndi dzira lophika. Kosakwana miyezi 3 kadye kanayi patsiku, mpaka miyezi 6 katatu, kenako kawiri. Mafupa a nkhuku ophika ndi minga ya kampango ayi, zimalasa m'matumbo. Ndiwo zotsala za anyezi wambiri ayinso, anyezi amawononga magazi a galu. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Ndipo kakadwala musakapatse Panado kapena Brufen wa m'nyumba, mutha kukapha.

Katemera, njoka ndi mphutsi

Sabata yoyamba isathe musanaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, khadi lili m'manja. Katemera wa matenda a parvo ndi distemper amayamba kagalu kali ndi milungu 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha milungu 3 kapena 4 iliyonse mpaka kakwane milungu 16. Parvo ndi matenda aja otsegula m'mimba magazi onunkha ndi kusanza, amene amatha kumaliza kagalu m'masiku ochepa. Kasanamalize katemerayu kasamayende kumsika kapena kudoko kumene agalu ena amachitira chimbudzi.

Wa chiwewe amabaya kakakwana miyezi 3, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Uyu si wokambirana. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, kwa galu kapena kwa munthu, sichichizika. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015 chifukwa cha ana amene ankamwalira ndi matendawa, ndipo pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe. Mukamva a zaulimi akulengeza katemera m'dera lanu, pitani naye. Wina akalumidwa ndi galu amene simukudziwa za katemera wake, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala a njoka kazimwa milungu iwiri iliyonse mpaka milungu 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako pa miyezi 3 iliyonse.

Mphutsi ndiye vuto la kumchenga kuno. Ntchentche yake imaikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo, timphutsi n'kulowa pakhungu. Mukaona zotupa zokhala ndi kabowo pakati, pakani Vaseline, dikirani pang'ono, finyani ituluke yathunthu. Sesani pogona pake, nsanza zake muzichapa n'kuyanika pachingwe. Nkhupakupa muzifufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Dibi wa ng'ombe musathire kagalu popanda kufunsa mlangizi.

Kuweta mphuno ndi miyendo

Kuwongola mtengo m'poyamba. Galu wosaka akaona chinthu chikuthawa, miyendo imanyamuka mutu usanaganize. Simungachotse chibadwa chimenechi, mungangochiweta.

Yambani ndi dzina. Ena amakonda mayina oimba anzawo, a Adzatopa ndi a Mulibechisoni, koma kumbukirani kuti mudzaliitana mokuwa pamaso pa aneba omwewo. Sankhani lalifupi. Itanani, kakabwera kapatseni kausipa kamodzi. Chitani zimenezi kangapo patsiku, mphindi zochepa chabe. Musadzakaitane kuti mukamenye, chifukwa mawa sikadzabweranso.

Nkhuku ndi mbuzi kazizione tsiku ndi tsiku kali pachingwe m'manja mwanu. Kakaziyang'ana n'kutembenukira kwa inu, usipa. Kakadumphira, "ayi" wamphamvu, n'kuchoka nako. Ine ndinanyozera zimenezi mwezi umodzi wokha, ndipo ndinalipira anapiye anayi ndi thadzi. Kumangirira nkhuku yakufa m'khosi mwa galu, monga ena amachitira, sikuphunzitsa kanthu, kumangoitana ntchentche.

Akakula amafuna kuthamanga tsiku lililonse, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Galu wotopa sakumba mpanda. Kudoko mugwireni pachingwe, chifukwa usipa wa pathandala ndi ndalama za eni ake, ndipo galu wakuba nsomba sakhalitsa. M'mbali mwa Shire ndi ku Malombe musamulole kusewera m'bango, ng'ona siisiya galu. Ku Cape Maclear anyani amatha kumung'amba. Ndipo poti ndi wosaka, wina adzabwera kudzamubwereka kuti akayese mwayi kuthengo. Kanani. Lake Malawi National Park, Liwonde National Park ndi nkhalango ya Mangochi ndi malo otetezedwa, ndipo lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017.

Akafika miyezi 6, kambiranani ndi dokotala za kumufula ngati ndi wamphongo, kapena kumutseka ngati ndi wamkazi. Zimachepetsa kuyendayenda usiku ndi ndewu, ndipo simudzapezeka ndi tiagalu 7 topanda kopita. Mabungwe ena amachita okha opaleshoniyi kapena amakupanganani tsiku, choncho funsani pomwe mukutenga.

Nambala ya wosunga uja musafufute. Wathu atayamba kukana chakudya sabata yachitatu, ndinaimbira mayi aja usiku. Anaseka n'kundifunsa ngati ndasintha mbale. Ndinali nditagula yachitsulo yonyezimira, ndipo kagaluko kankaopa nkhope yake yomwe. Tinabwezera bakuli lakale lapulasitiki, kanadya mpaka kunyambita.