Tsamba la koleji likhale lopepuka pa foni

Inu oyendetsa masamba a intaneti a makoleji kuno ku Zomba, kumbukirani kuti ophunzira ambiri amatsegula tsamba lanu pa foni, ndi kabandulo kochepa ka TNM kapena Airtel. Choncho mndandanda wa osankhidwa musamaujambule n'kuuika mu PDF ngati chithunzi. Fayilo yotere imalemera, imadya bandulo, ndipo mwana sangathe kufufuzamo dzina lake. Mayinawo muziwataipa. Zithunzi muzizichepetsa, chilichonse chisapitirire 200 KB.

Chidziwitso chilichonse chizikhala ndi deti, apo ayi makolo adzatumiza fizi ya chaka chatha. Musanatulutse, zimitsani Wi-Fi ya mu ofesi, mukayese tsambalo pa foni yotchipa muli ku Chinamwali kapena ku Domasi.