Kulumikiza zithunzi za droni ndi za pansi popanga chithunzi cha 3D

Droni ikamajambula kamera itayang'ana pansi imaona bwino denga la nyumba ndi bwalo, koma zipupa, zitseko ndi kunsi kwa khonde imaziphonya. Kamera ya m'manja imaona zipupazo, denga ayi. Mapulogalamu monga Agisoft Metashape, Pix4D kapena WebODM amatha kuphatikiza zonsezi kukhala chithunzi chimodzi cha 3D chomwe mungayezerepo utali ndi msinkhu, koma pokhapokha akapeza malo ofanana pa zithunzi za mitundu iwiriyi. Ntchito zambiri zimalephera pomwepa.

Yambani ndi zizindikiro, droni isanauluke. Ikani timatabwa kapena tinsalu topakidwa mabokosi akuda ndi oyera, ta masentimita 50 mbali iliyonse, tosachepera tisanu: kamodzi pangodya iliyonse ya malo, kena pakati. Pakati penipeni pa kalikonse payezedwe ndi GPS ya RTK, chipangizo cha akatswiri oyeza malo chomwe chimasokera ndi masentimita ochepa okha. GPS ya foni imasokera ndi mamita angapo, musaidalire. Zizindikiro zina zing'onozing'ono muzimate pazipupa pomwe droni ndi kamera ya pansi zonse zidzaziona. Pezani chilolezo kwa oyang'anira zoyendetsa ndege, ndipo amfumu ndi eni malo adziwe tsiku lake.

Ulendo woyamba ukhale wa mizere, kamera yoyang'ana pansi, chithunzi chilichonse chikubwereza magawo 80 pa 100 a chinzake cham'mbuyo ndi magawo 70 a mzere woyandikana nawo. Droni ya DJI Phantom 4 Pro ikakhala mamita 50 m'mwamba, kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira pafupifupi masentimita 1.4 pansi. Ulendo wachiwiri muzungulire nyumbayo kamera itapendekeka madigiri 45.

Wachitatu ndi umene ambiri amaudumpha pofuna kusunga batire, chonsecho ndi umene umagwira ntchito yonse. Chithunzi chojambulidwa mamita 50 m'mwamba ndi chojambulidwa munthu ataima pansi zimasiyana kwambiri, moti pulogalamu sizindikira kuti ndi chipupa chimodzi chomwecho. Zotsatira zake mumapeza zidutswa ziwiri, denga lili payokha, zipupa zili pazokha. Choncho tsitsani droni pang'onopang'ono: zungulirani pa mamita 20, kenako 10, kenako pamsinkhu wa denga, uku mukuwongola kamera mpaka iyang'ane chipupa maso ndi maso. Zithunzi zimenezi ndi mlatho wa magulu awiriwa. Pomwe mitengo kapena mawaya amagetsi akuletsa droni kutsika, mangirirani kamera kunsonga ya nsungwi yaitali.

Pansi, yendani chammbali, jambulani, sunthani phazi limodzi kapena awiri, jambulaninso. Kuima malo amodzi n'kumatembenuka sikuthandiza, chifukwa pulogalamu imawerengera kuya kwa zinthu potengera kusuntha kwa kamera. Pangodya chulukitsani zithunzi, kusiyana kwake kusapitirire madigiri 15. Zoom musaigwire mpaka mutamaliza.

Malata atsopano amanyezimira mosiyana pa chithunzi chilichonse, ndiye denga limatuluka lobowokabowoka. Madzi ndi magalasi amachitanso chimodzimodzi. Chipupa chopakidwa laimu woyera chilibe poti pulogalamu igwire, choncho lembanipo timizere ndi choko chamtundu. Tsiku lamitambo koma lopanda mphepo ndiye labwino koposa. Kukakhala dzuwa, malizani zonse motsatizana chapakati pa tsiku, chifukwa mthunzi wa m'mawa ndi wamadzulo pachipupa chimodzi umasokoneza kulumikizana. Anthu ndi ziweto zitalikire malowo.

Pakompyuta, lowetsani zithunzi za kamera iliyonse m'gulu lake kuti magalasi ake awerengedwe paokha. Chotsani zosaoneka bwino, zimitsani GPS ya zithunzi za pansi ngati munazijambula ndi foni, kenako lozani chizindikiro chilichonse pa zithunzi zosachepera zitatu za gulu lililonse. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu zowonjezera musaziphatikize powerengera, zisungeni zoyesera. Zikasiyana ndi muyezo wa RTK kuposa masentimita ochepa, bwererani mukaone pomwe mwaloza molakwika musanapereke miyezo kwa mmisiri.