Momwe mungaphunzirire kuyendetsa zamasewero ndi zisangalalo pa yunivesite mukuchokera ku Lilongwe

Bwalo la Bingu ku Area 48 limalowa anthu oposa 40,000. Silver Strikers ikamalandira Bullets, othamangitsa chikopa amakhala 22 okha, koma amene avutika kuti masewerowo atheke ndi khwimbi: wosindikiza matikiti, wokambirana ndi apolisi, woika mastiwadi pageti, woitanitsa ambulansi, wokagwada kwa sponsa, ndi wina wodzawerenga ndalama kukada. Ntchito imeneyi ili ndi sukulu yake. Kwathu kuno tinazolowera kuipereka kwa amene anasewerapo mpira kapena mnzake wa woimba, n'chifukwa chake matimu amadzidzimuka sponsa akachoka, ndipo shoo yolembedwa 7 koloko madzulo imayamba anthu atayamba kale kusinza.

Ngati mukuilakalaka ntchitoyi, tsatirani izi.

Choyamba, dziwani chimene mukukaphunzira

Simukukaphunzira kuponya penate kapena kuimba. Mukukaphunzira bizinesi: kulemba bajeti, kuwerengetsa ndalama, kutsatsa malonda, malamulo a makontirakiti, kusamalira malo ochitikira zinthu, ndi kuyendetsa chinamtindi cha anthu. Amene amadana ndi masamu aganize kawiri, chifukwa theka la ntchitoyi ndi manambala.

Musasokonezenso maphunziro awiri amene mayina ake amamveka ngati ofanana. Sports Science imayang'ana thupi la wosewera: minofu, zakudya, kuvulala, kachitidwe ka mafizo. Sports Management imayang'ana ofesi, geti ndi thumba la timu. Onse ndi abwino, koma amakufikitsani pamipando yosiyana.

Chachiwiri, onani satifiketi yanu ya MSCE

Mayunivesite aboma amafuna makirediti 6, ndipo imodzi ikhale ya Chingerezi. Kirediti ndi giredi ya pakati pa 1 ndi 6. 7 ndi 8 n'kungokhoza chabe. Amaphatikiza maphunziro 6 amene munakhoza bwino kwambiri, ndipo mapointi akachepa mwayi umakula. Ngati mudakali Fomu 3 kapena 4, limbikirani masamu ndi Chingerezi. Ofuna Sports Science asanyozere Biology ndi masayansi ena. Ngati kirediti ya Chingerezi inakuphonyani, bwerezani mayeso, palibe njira yachidule pamenepa.

Chachitatu, sankhani sukulu

Apa m'pofunika kunena mosabisa: mwina mudzayenera kukwera basi. Yunivesite yaboma yaikulu ya kuno ku Lilongwe ndi LUANAR, ndipo mtima wake uli pa ulimi ndi zachilengedwe. Maphunziro a Sports Management muwapeza ku Mzuzu University, m'gawo lomwenso limaphunzitsa zokopa alendo ndi kuyendetsa mahotela. MUST ku Thyolo ili ndi Sports Science komanso maphunziro a nyimbo za chi Africa pansi pa Bingu School of Culture and Heritage. UNIMA ku Zomba ndi kwawo kwa zisudzo ndi nyimbo kuyambira kale, pomwe MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa bizinesi ndi kuwerengetsa ndalama.

Kwa amene sangachoke mumzinda chifukwa cha ntchito kapena banja, njira ilipobe. Tengani digiri kapena dipuloma ya bizinesi, yotsatsa malonda kapena ya akaunti pa sukulu ya konkuno, monga Malawi College of Accountancy kapena yunivesite ina yoima payokha, kenako zamasewero ndi zoimba muzidziwire pogwira ntchito. Ine ndimaona kuti munthu wodziwa kulemba mabuku a ndalama amene Loweruka lililonse amakhala pageti la Silver Stadium amaposa wa digiri ya dzina lokongola amene sanagwirepo tikiti. Okonda zoimba apitekonso ku Music Crossroads Academy ku Area 23 akaone zimene amaphunzitsa. Woyendetsa shoo amene amamva chinenero cha oimba ndi cha anyamata a zokuzira mawu sanamizidwa mtengo.

Chachinayi, funsani ku NCHE musanalipire tambala

Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE) lili konkuno ku Lilongwe, ndipo limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Chenjerani ndi kusiyana uku: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu imene mukufunayo isanavomerezedwe. Fufuzani dzina la pulogalamuyo lenileni pamndandanda, osati dzina la sukulu lokha. Wa ku ofesi yolandira ophunzira akakuuzani kuti "zili m'njira, zitheka posachedwa", musakhutire; pepala losavomerezeka lidzakuvutitsani pofunsira ntchito m'boma kapena pofuna kupitiriza sukulu kunja.

Chachisanu, lembani kalata yofunsira malo ndi ya ngongole

Omaliza kumene Fomu 4 amafunsira malo m'mayunivesite aboma kudzera ku NCHE komweko, zotsatira za MSCE zikatuluka. Werengani chilengezo chonse, chifukwa pulogalamu iliyonse imatchula maphunziro amene ikufuna. Poika zisankho, musadzaze mizere yonse ndi mapulogalamu olimbirana kwambiri. Amene muli kale ndi dipuloma ndipo mwagwirapo ntchito, mumafunsira ku yunivesite mwachindunji ikalengeza malo a akuluakulu.

Za fizi, pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Ndi ngongole, mudzabweza mukayamba ntchito. Tsiku lotsekera likadutsa, ladutsa.

Chachisanu ndi chimodzi, yambani ntchito musanaitanidwe

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa m'pamene wa ku Lilongwe ali ndi mwayi woposa anzake. Sukulu ikhoza kukhala ku Mzuzu, koma patchuthi mukubwerera kumzinda wodzaza ndi mabwalo: Bingu, Civo, Silver, Nankhaka, komanso Griffin Saenda Sports Complex ndi dziwe losambiramo la ku Kamuzu Institute, zimene zinamangidwa pokonzekera masewero a Region 5, a achinyamata a mayiko a kum'mwera kwa Africa, a mu December 2022. Matimu a Silver Strikers, Civil Service United, Blue Eagles ndi Kamuzu Barracks ali pakhomo. Mashoo akuluakulu amachitika ku BICC ndi ku Lilongwe Golf Club, ndipo Tumaini Festival ya ku Dzaleka, yomwe inayamba mu 2014, imachitikira ku Dowa konkuja, ulendo wa minibasi imodzi.

Lembani kalata yaifupi kwa mlembi wa timu kapena kwa okonza chikondwerero, munene kuti ndinu wophunzira ndipo mukufuna kuthandiza mongodzipereka. Mukakanidwa ku timu yaikulu, pitani ku timu ya ligi yaing'ono kapena ya mpira wamanja. Kumeneko amasowa anthu, ndipo mudzagwira chilichonse, kuyambira kulembetsa osewera mpaka kusaka minibasi.

Akakulandirani, pemphani kuti akuikeni pageti. Fikani geti lisanatsegulidwe, muone mabuku a matikiti akusainidwa, mulembe nambala yoyamba ndi yomaliza ya buku lililonse. Kenako penyani. Muona sapota akukankha K500 m'dzanja la stiwadi kuti adutse chammbali, wina akubweza tikiti yosang'ambidwa kudzera pampanda kuti igulitsidwenso, wina akubwera ndi anzake asanu ati onse ndi "a komiti". Madzulo mukakhala pansi kuyerekeza ziputu za matikiti ndi ndalama zimene zili patebulo, mudzamvetsa chifukwa chake bwalo limaoneka lodzadza koma timu n'kupita kwawo ndi zochepa. Ndalamazo zimayamba zalipira apolisi, mastiwadi ndi osindikiza matikiti, zotsalazo n'kugawidwa kwa matimu awiri, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira. Palibe mphunzitsi angakufotokozereni zimenezi momveka kuposa tebulo limenelo.

Geti si ndalama zokha. Pa 6 July 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa atapondedwa pa Bingu Stadium. Linali tsiku lokondwerera ufulu wodzilamulira, kulowa kunali kwaulere, anthu anaunjikana panja ndipo mageti anachedwa kutsegulidwa. Mukadzafika pa phunziro la kayendetsedwe ka gulu la anthu, musadzalitenge ngati lokhozera mayeso: mageti angati, atsegulidwa nthawi yanji, ana adutsira pati, ambulansi yaima poti itha kutuluka kapena yatsekeredwa ndi magalimoto a mabwana.

Chachisanu ndi chiwiri, konzani kanthu kanu

Musanamalize chaka chachiwiri, yendetsani chinachake chaching'ono: bonanza ya matimu anayi ku Kawale, kapena shoo ya oimba achinyamata muholo ya sukulu. Lembani bajeti papepala. Pa shoo yolipiritsa, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, mukatenge chilolezo choimbira nyimbo pagulu, chifukwa lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza eni nyimbo. Pamafunikanso chilolezo cha Censorship Board, ndipo apolisi a m'deralo adziwitsidwe nthawi ikadalipo. Jenereta ndi mafuta ake zikhale mubajeti, osati m'pemphero.

Woimba aliyense asaine pepala, ngakhale akhale msuweni wanu: ndalama zingati, zingati zoyambira, akwera nthawi yanji, aimba mphindi zingati, mvula ikagwa zikhala bwanji. Zolipira za pa Airtel Money kapena Mpamba zipite pa nambala imodzi yokha. Ikatha shoo, lembani lipoti la tsamba limodzi, ngakhale mutaluza. Sponsa amakhulupirira munthu womuonetsa manambala a shoo yapita kuposa womulonjeza kuti "kudzadzaza".

Sungani zonsezi mufayilo: makalata, zithunzi, malisiti, malipoti. Pofunsira atachimenti ku FAM, SULOM, Malawi National Council of Sports kapena Malawi Olympic Committee, fayiloyo ndi imene idzakusiyanitseni ndi anzanu a m'kalasi. Makomiti a mabungwe amenewa amachititsanso maphunziro aafupi a oyendetsa masewero, ndiye muzitchera khutu. Werenganinso malamulo a ziphaso za matimu amene FAM imatsatira. Amafuna kuti timu ikhale ndi ofesi, mabuku a ndalama owunikidwa, makontirakiti a osewera ndi matimu a achisodzera, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi mpando wofuna munthu wophunzira.

Za kunja

Zimenezi zidikire digiri yoyamba. Ku South Africa, Nelson Mandela University imaphunzitsa pulogalamu ya oyendetsa masewero yokonzedwa ndi FIFA ndi CIES, bungwe la maphunziro a zamasewero la ku Switzerland. Palinso FIFA Master, digiri yachiwiri imene wophunzira amaichita m'mizinda itatu: Leicester, Milan ndi Neuchâtel. Thandizo la Chevening lopitira ku Britain limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri chimalizireni digiri yoyamba, ndipo maola a ntchito yongodzipereka amawerengedwa nawo. Choncho kulikonse kumene mwathandiza, musachoke osatenga kalata yosainidwa ndi kudindidwa, yotchula masiku ndi ntchito imene munagwira.