Momwe mungadziwire kwawo kwa njoka ya kingsnake poyang'ana mawanga ake

Njoka za kingsnake kuno kwathu kulibe. Kwawo ndi ku United States ndi ku Mexico, ndipo ambirife timangozionera pa YouTube kapena pa zithunzi za pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti limene anthu amaikapo zithunzi za zamoyo zimene aziona. Zilibe ululu. Zimapha pokulunga ndi kufinya, ndipo zimadya njoka zinzake, ngakhale rattlesnake yaululu ija, n'chifukwa chake anazipatsa dzina la ufumu. Chimene chimasokoneza ndi chovala chake. Mukaika zithunzi zisanu pamodzi, china cha New Jersey, china cha Louisiana, china cha California, mungalumbire kuti njokazi si pachibale.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi kingsnake ya gulu limene tikunena pano, lotchedwa common kingsnake. Mamba ake ndi osalala, onyezimira ngati apakidwa mafuta, mutu ndi waung'ono wosasiyana kwenikweni ndi khosi, ndipo mtundu wake ndi wakuda kapena wabulauni wosakaniza ndi woyera kapena wachikasu. Mukaona mphete zofiira, imani pomwepo. Imeneyo ndi ya gulu lina, mwina scarlet kingsnake, mwinanso coral snake yomwe ululu wake ndi woopsa.

Kenako, musanawerenge kadontho n'kamodzi komwe, funsani kumene chithunzicho anajambulira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa maso amathamangira mawanga. Kungomva kuti Texas sikukwanira, Texas ndi wamkulu kuposa Malawi kangapo konse, ndipo njoka ya kum'mawa kwake si yofanana ndi ya kumadzulo. Pezani dzina la tawuni kapena la county (dera longa boma kuno kwathu), muliyang'ane pa mapu, muone ngati lili kum'mawa kapena kumadzulo kwa mapiri a Appalachian ndi mtsinje wa Mississippi.

Tsopano yang'anani pamsana. Kugombe la kum'mawa, kuchokera ku New Jersey kutsika mpaka kumpoto kwa Florida, njokayi ndi yakuda ndi timizere toyera topingasa, ndipo kamzere kalikonse kakafika m'nthiti kamagawika pawiri n'kukalumikizana ndi kanzake, ngati tcheni. Mukadutsa mapiri kulowa ku Tennessee ndi Kentucky, tcheni chija chimazimirira, njoka n'kukhala yakuda bii, timadontho tochepa tikuoneka patalipatali. Kumadzulo kwa Mississippi, ku Arkansas, Louisiana ndi kum'mawa kwa Texas, pafupifupi pa mamba onse pali kadontho kachikasu kapena koyera, ndipo njoka yonse imaoneka ngati nkhanga. M'chipululu cha kumadzulo kwa Texas ndi New Mexico timadontho timathawira m'nthiti, pamsana n'kutsala zigamba zakuda zolekanitsidwa ndi timizere ta madontho, mutu nthawi zambiri uli wakuda ngati wauveka sokosi. Ku California ndi mphete zikuluzikulu zoyera ndi zakuda. Kumwera, ku Sonora m'dziko la Mexico, kuli zakuda thupi lonse.

Gwirizanitsani ziwirizi, malo ndi mawanga. Zikagwirizana, mwamaliza. Zikapanda kugwirizana, musafulumire kunena kuti mwapeza chachilendo, onani kaye msinkhu wa njokayo. Mwana wa njoka yakuda ya ku Tennessee amaswedwa ndi timizere tooneka bwino, ndipo amanka nada akamakula ndi kufundula. Ya ku Florida imachita mosiyana: imayamba yakuda ndi mizere yambiri yopingasa, kenako mamba akuda aja amayamba kuyera pakati, mwakuti njoka yaikulu ya kumwera kwenikweni imaoneka yachikasu, mizere ikuchita kufunika kuisuzumira. Njoka yomwe yatsala pang'ono kufundula nayo imanamiza, khungu limatuwa ndipo maso amachita ngati muli mkaka.

Mukatsimikiza kuti ndi yaikulu, ndiye ganizirani za intergrade. Mawuwa amanena za njoka za m'dera limene mitundu iwiri imakumana n'kumaswana mwachilengedwe kwa mibadwo yambirimbiri, moti maonekedwe ake amakhala pakatikati. Zili ngati kalankhulidwe mukamayenda kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Mchinji mpaka ku Chipata: palibe mudzi umene mungaloze kuti mawu asinthira pano, koma mukafika mumamva kuti asintha. Pakati pa Texas mupeza njoka ya timadontho ta nkhanga thupi lonse, koma mukayang'anitsitsa pamsana mukuona zigamba zakuda za m'chipululu zikuyamba kutuluka. Kumwera chakum'mawa kwa Arizona kumakumana mitundu itatu, ya mphete ya ku California, ya m'chipululu ndi yakuda ya ku Sonora, ndipo kumeneko mphete zimakhala zopyapyala, zodetsedwa ndi madontho, nthawi zina zotsala pang'ono kuzimiririka. Chakumpoto ndi pakati pa Florida, tcheni cha kum'mawa chimasakanikirana ndi kuyera kwa kumwera.

Kuti muone bwino, werengani mizere yopingasa kuchokera pakhosi mpaka pamene mchira wayambira, mchirawo osawerenga. Ya kum'mawa imakhala ndi mizere yochepa yotalikirana, ya kumwera kwa Florida yambiri yothinana, ndipo ya pakati imagwera pakati. Onaninso m'nthiti ngati tcheni chalumikizana kapena chaduka, komanso mimba ngati chithunzi chake chilipo. Mukatero tsegulani iNaturalist, mufufuze zithunzi khumi kapena makumi awiri za county yomweyo. Gawo ili musalidumphe. Intergrade ndi nkhani ya njoka za dera lonse. Ngati zinzake zonse za kumeneko ndi zosakanikirana choncho, mwapeza yankho. Ngati ili yokha, ndi njoka chabe yobadwa ndi chovala chachilendo.

Pali malo awiri amene amapusitsa ngakhale odziwa. Kufupi ndi gombe ku San Diego County, njoka zina za California zilibe mphete, zili ndi mzere umodzi woyera kuchokera kumutu mpaka kumchira. Munthu angaganize kuti ndi mtundu wina kapena ndi zosakaniza, koma mazira a make mmodzi amaswa ana a mphete ndi ana a mzere. Ku Apalachicola, kumpoto chakumadzulo kwa Florida, n'chimodzimodzi: zina zili ndi mizere ikuluikulu, zina mzere wotsata msana, zina zilibe chilichonse.

Njoka yoweta isakutayitseni nthawi. Oweta akhala akukwatitsa mitundu yosiyana dala kwa zaka zambiri pofuna maonekedwe ogulitsika, ndiye mawanga ake sanena za dera lililonse. Ana otere si intergrade. Chitsanzo chili ku Gran Canaria, chilumba cha Spain, kumene njoka za California zothawa kwa oweta zinayamba kuoneka kutchire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Zachuluka, zikutha abuluzi a pachilumbacho, ndipo zambiri ndi zachialubino, chinthu chosowa kwambiri kwawo ku California.

Potsiriza, posankha dzina loti mulembe, dziwani kuti mabuku sagwirizana. Akale amati zonsezi ndi mtundu umodzi, Lampropeltis getula, wokhala ndi nthambi zingapo. Mu 2009, R. Alexander Pyron ndi Frank Burbrink atayeza DNA anaugawa pasanu: getula (ya tcheni ija), nigra (yakuda ya ku Tennessee ndi Kentucky), holbrooki (ya timadontho ta nkhanga), splendida (ya m'chipululu) ndi californiae (ya ku California). Malire anawaika potsata mitsinje, mapiri ndi zipululu, osati mawanga okha. Zotsatira zake n'zakuti njoka ya timadontho ta nkhanga yopezeka kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi imatchedwa nigra, dzina lotanthauza yakuda, pamene inzake yofanana nayo ndendende kutsidya la kumadzulo ndi holbrooki. Akatswiri ena sanavomereze kugawaku. Ine ndimalemba dzina latsopanolo, n'kuonjezera county ndi chaka chimene chithunzicho anajambula, kuti wogwiritsa buku lakale athe kudzipezera yekha.