Kulemba mbiri ya mmisiri womanga wa m'banja mwanu

Yambirani pa khoma, osati pa mpando. Mukawakhazika pansi agogo n'kuwafunsa chaka chimene anayamba kumanga, angoti ndi kalekale. Koma apititseni pa nyumba, tchalitchi kapena balani ya fodya imene anamanga, mudzaona mawu akutuluka okha: amene anaumba njerwa, kumene ankatunga madzi, amene ankaponda dothi. Jambulani mawu pa foni, koma musapitirire ola limodzi, chifukwa akatopa amangovomera chilichonse.

Khomalo nalo liwerengeni. Kandani ndi msomali pakati pa njerwa. Pakanyenyeka, anamangira dothi. Pakalimba, ndi simenti. Yezani njerwa imodzi, mulitali, mulifupi ndi msinkhu, pakuti zikombole zimasiyana, ndipo njerwa zikasintha kukula pakhoma limodzi, kawirikawiri ndiye kuti mbali ina anachita kuwonjezera pambuyo pake. Ambiri amalakwitsa pamenepa, n'kupatsa mmisiri mmodzi ntchito ya anthu awiri.

Zaka zipezeni podzera m'zochitika. Ngati malipiro awo oyamba anali mapaundi ndi mashereni, ndiye kuti chaka cha 1971 chisanafike, pamene kwacha inayamba. Amene anapita ku migodi ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku South Africa, afunseni ngati kunali kusanachitike ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Ku Kasungu, afunseni ngati Kamuzu Academy ya ku Mtunthama inali itatsegulidwa, pakuti inatsegulidwa mu 1981. Ku Mchinji, pepala lolembedwa Fort Manning, dzina lakale la Mchinji, ndi lakale ndithu, musalitaye.

Povuta kwambiri ndi pa chibale. Kwa Achewa mbumba imatsata kuchikazi, choncho mmisiri amene analowa chikamwini ali ndi midzi iwiri: kwawo ndi kumene anakwatira. Mukafunsa ana okha, mudzangomva theka. Pitani kwa alongo awo ndi adzukulu akuchikazi, chifukwa luso nthawi zina linkachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wawo. Lembani mfunda, mudzi, mfumu ndi dzina limene ankadziwika nalo pantchito.

Zida zotsala, monga levulo (choyezera kuwongoka kwa khoma), sikweya (choyezera ngodya), chingwe ndi chikombole, zijambuleni chimodzichimodzi, mufunse amene anawapatsa. Setifiketi ya trade test (mayeso a luso la ntchito zamanja) ndi kabuku kolembamo ngongole za simenti muziike mu pulasitiki, pamwamba, kutali ndi chiswe.