Momwe mungagulire zovala m'maboutique a mu Lilongwe osadzanong'oneza bondo

Maboutique a zovala za amayi ali ponseponse mu Lilongwe: ku Old Town, cha ku Bwalo la Njobvu, ku Area 47, m'timashopu tozungulira Gateway Mall ndi Crossroads. Ambiri ndi a munthu mmodzi yemwe amakapikula yekha katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam, ku Johannesburg, ku Guangzhou kapena ku Istanbul. N'chifukwa chake diresi imodzi imapezeka m'masayizi awiri kapena atatu okha, ndipo ikatha yatha. Ubwino wake simukumana ndi anzanu asanu ovala zofanana nanu pa chinkhoswe. Kuipa kwake, mukalakwitsa sayizi palibe ina yosinthanitsa.

Yambirani kunyumba ndi tepi ya telala. Yezani malo atatu: pachifuwa pamene pali potukuka, m'chiuno pamene pali powonda, ndi m'mahipi pamene pali potambalala. Lembani masentimitawo mufoni, tepiyo muyiponye m'chikwama. Nambala yolembedwa pakhosi pa chovala musayikhulupirire, chifukwa dziko lililonse limawerenga mwakemwake. Sayizi 12 ya ku Britain ndi 40 ya ku Ulaya ndi Turkey, koma ku South Africa yomweyo amayilemba 36. Za ku China nthawi zambiri zimakhala zazing'ono, moti XL ya kumeneko imatha kumuthina mayi wovala M. Funsani wogulitsa kuti, "Asisi, iyi yachokera kuti?" Kenako yalani chovalacho pathebulo, yezani kuchokera m'khwapa kufika m'khwapa, muchulukitse kawiri. Ngati nsaluyo siitamuka, nambalayo iziposa chifuwa chanu ndi masentimita 5 kapena kuposerapo, apo ayi mabatani azidzakoka mukakhala pansi.

Pitani m'mawa mkati mwa sabata. Loweruka la kumapeto a mwezi m'mashopu mumadzaza okonzekera maukwati ndi ma bridal shower, ndipo palibe amene angakupatseni nthawi. Valani bra ndi nsapato zomwe mudzavalire limodzi ndi chovalacho. Diresi yoyezedwa mutavala masilipasi imadzafupika mukakwera pa gogoda.

Tsopano pofunika kwambiri: tembenuzani chovalacho kunja kukhale mkati. Chidole chapawindo chimanamiza, poti kumbuyo kwake amakhala atapana chovalacho ndi mapini. Zoona zake zili m'misoko. Kokani msoko pang'ono mbali zonse ziwiri. Mukaona ulusi ukuyasamula ngati mano, chovalacho sichifika Khirisimasi. Onani ngati m'mphepete mwa nsalu munadutsa makina a ovaloko, chifukwa popanda zimenezo nsalu imayamba kusosoka ikangochapidwa. Onaninso nsalu yomwe yatsala mkati mwa msoko: ikakhala sentimita imodzi ndi theka kapena awiri, telala atha kukukulitsirani mukanenepa. Zambiri zotchipa sizisiya kanthu.

Zipi muyikweze ndi kuyitsitsa katatu, makamaka podutsa msoko wa m'chiuno, pomwe zipi zobisika zija zimakonda kukakamira ndi kung'ambika. Werengani mabatani. Nsalu yam'kati isakhale yothina kuposa yakunja, ndipo isatulukire kumpendero. Tengani chovalacho mupite nacho pakhomo pomwe pali dzuwa, muike dzanja mkati: mukaona zala zanu, dziwani kuti chidzafuna kamisolo. Dzuwalo likuonetsaninso mzere wosuluka pamapewa ngati chovalacho chakhalitsa pawindo, komanso zipsera za zodzoladzola za amene anayeza inu musanabwere.

Za nsalu, werengani kachikwangwani kam'mbali. Polyester sachedwa kuuma ndipo sakhwinyata, koma mu Okutobala ndi ng'anjo. Viscose ndi yozizira bwino, kungoti imafupika ikachapidwa ndi madzi otentha, choncho musagule yokukwanani ndendende. Ya thonje ndi linen zimapuma koma zimafuna simbi. Finyani kansonga ka nsalu m'dzanja muwerenge mpaka khumi. Mmene yakhwinyatiramo ndi mmene idzaonekere mukatsika minibasi. Pa zofiira, zakuda ndi za buluu wakuda, khutizani kansalu koyera konyowa mkati mwa mpendero. Kakadetsedwa, utotowo udzathera mu beseni n'kuwononga zovala zina.

Poyeza musangoima pagalasi. Khalani pansi, kwezani manja, weramani ngati mukutola kanthu, gwadani ngati mukupereka moni kwa apongozi. Chomwe chiyenera kukwana bwinobwino ndi mapewa ndi chifuwa, chifukwa kumeneko n'kovuta kukonza. Kutalika ndi chiuno chokhwepa telala aliyense amakonza tsiku limodzi. Wogulitsa akanena kuti "itamuka mukamavala", mverani tepi yanu.

Mtengo m'mashopu oterewa umanenereredwa, koma osati ngati pa kaunjika wa ku Tsoka. Mwini wake amalipira lendi, thiransipoti, msonkho wa MRA, ndipo katundu amagula ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inakwera nthawi yomweyo. Njira yabwino ndi kutenga zinthu ziwiri kapena zitatu n'kufunsa kuti zonse pamodzi achotsapo zingati. Wantchito sangatsitse kwambiri popanda kuimbira abwana, ndiye funsani ngati eni ake alipo. Ena amalola kupereka theka n'kumalizitsa pa mapeto a mwezi. Pamenepo alembe tsiku lomaliza ndi zomwe zidzachitike mukachedwa.

Musanatulutse ndalama gwirizanani za kubweza: masiku angati, kusinthanitsa kapena kubwezeredwa ndalama. Bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission limaletsa zikwangwani zoti katundu akagulidwa sabwezedwa, koma kuti mudandaule pamafunika umboni. Tengani lisiti lolembedwa dzina la shopu, tsiku ndi chovalacho. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, onani dzina lomwe latuluka musanaike PIN, ndipo uthengawo musafufute.

Mukaona chovala pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook, kumbukirani kuti zithunzi zambiri n'zochokera kwa opanga, osati za chomwe chili pa hang'ala. Pemphani kavidiyo ka chovala chenichenicho atachiyala ndi tepi pamwamba, ndipo ngati shopuyo simunayipondepo, lipirani katundu akafika m'manja mwanu. Kunyumba musadule kachikwangwani ka mtengo mpaka mutayezanso ndi nsapato zake.