Kasamalidwe ka seramu yolerera maselo mu labotale

Maselo akayamba kukula monyinyirika, ambiri amathamangira kuloza chala inkyubeta (bokosi lofunda lolereramo maselo) kapena medium (madzi a zakudya amene maselo amakuliramo). Koma nthawi zambiri vuto limakhala m'botolo la seramu, madzi otsala magazi akagwirana amene timasakaniza mu medium, makamaka FBS (fetal bovine serum), ija yochokera m'magazi a thole losabadwa. Seramu imadana ndi kusinthasintha: lero yaundana, mawa yasungunuka, mkuja yaundananso. Ulendo uliwonse wotere umaononga mapuloteni okulitsa maselo.

Botolo likangofika, onani ngati likadali loundana gwa, lembani nambala ya loti (gulu la mabotolo opangidwa ulendo umodzi) ndi tsiku lothera ntchito, n'kuliika mufiriza ya -20°C. Pewani mafiriza aja odzichotsa okha ayezi, chifukwa amafunda pang'ono kangapo patsiku. Kumene magetsi amathimathima, ikani seramu mkatikati, osati pachitseko, ndipo akathima musamatsekuletsekule.

Posungunula m'pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha phuma. Botolo la 500 ml lichoke mufiriza, lilowe mufiriji ya 2 mpaka 8°C, ligone usiku wonse. M'mawa, ngati mukadali chibuluma cha ayezi, malizitsani m'bafa la madzi a 37°C, mukulizunguza pang'onopang'ono mphindi 10 zilizonse. Osalikhutchumula, thovu limaononga mapuloteni. Osalisiyanso chikhalire: seramu ikamasungunuka, mchere ndi mapuloteni zimatsikira pansi, pamwamba n'kutsala madzi, ndipo pansipo m'pamene pamayambira zinyenyeswa. Madzi a m'bafa asafike pachitsekerero, poti m'mabafa amenewa mumaswana mabakiteriya ndi nkhungu. Likasungunuka, chotsani pompo, pukutani ndi ethanol wa 70%, kenako lilowe mu hood, kabati ya mpweya wosefedwa yogwiriramo ntchito popanda tizilombo.

Tsiku lomwelo igaweni m'machubu opanda tizilombo a 50 ml, koma muthire 40 kapena 45 ml basi. Madzi akaundana amafufuma, ndiye chubu chodzaza ndendende chimang'aluka kapena kukankha chitsekerero. Pa chubu chilichonse lembani loti ndi tsiku. Mukafuna medium ya seramu 10%, sakanizani 50 ml ya seramu ndi 450 ml ya medium monga DMEM kapena RPMI. Seramu yosungunuka kale isapitirire milungu inayi mufiriji.

Nanga zinyenyeswa zija? Tiulusi toyera toyandama nthawi zambiri ndi fibrin, puloteni yogwiranitsa magazi, pomwe timadontho takuda tonjenjemera pa maikulosikopu tingakhale calcium phosphate, amene amachuluka seramu ikakhalitsa pa 37°C. Ambiri atayapo botolo lodula poganiza kuti laloŵa tizilombo, chonsecho linali labwinobwino. Musanataye, thirani pang'ono mu medium yopanda maantibayotiki, muike pa 37°C masiku awiri kapena atatu. Mabakiteriya amachulukana, medium n'kuchita mbuu ndi kusanduka yachikasu. Zinyenyeswa sizichulukana. Pozichotsa, zunguzani seramu mu centrifuge (makina ozunguza machubu mothamanga kuti zolemera zitsikire pansi) mphindi 5 pa 400 g, n'kutsanulira madzi a pamwamba m'chubu china. Mukathamangira sefa ya 0.22 µm, imatsekeka musanafike patali.

Kuphika seramu pa 56°C kwa mphindi 30 kumapha mphamvu ya mapuloteni a chitetezo cha m'thupi otchedwa complement. Ambiri amangochita poti anapeza anzawo akutero, pomwe FBS ili ndi complement wochepa, ndipo kutenthako kumaononganso zina zofunika. Chitani pokhapokha ndondomeko yanu ikunena, monga pa ntchito zina za maselo a chitetezo cha m'thupi. Pochita, ikani pambali pa botolo la seramu botolo lina lofanana nalo, la madzi ochuluka mofanana, lokhala ndi thermometer. Yambani kuwerenga mphindi madziwo akafika 56°C, zunguzani seramu mphindi 5 mpaka 10 zilizonse, ndipo nthawi ikakwana iziziritseni pa ayezi msangamsanga. Mukaiwala kuizunguza kapena kuichotsa pa nthawi yake, imalimba ngati phala lozizira.

Loti ikatsala pang'ono kutha, pemphani sampulo ya yatsopano, mulere maselo anu m'zonse ziwiri moyandikana kwa mapaseji atatu (maulendo atatu ogawa maselo n'kuwasamutsira m'ziwiya zatsopano), kenako mugule yokwanira kafukufuku yense.